Kulinganiza Mfuti pa Maphunziro a Chandamale: Mangochi ndi Kummwera kwa Nyanja ya Malawi

Kulinganiza mfuti, kumene asilikali pakati pawo amakutchula kuti zeroing, ndi ntchito yosuntha zolozera za mfuti mpaka pamene diso la msilikali laloza pafanane ndi pamene zipolopolo zake zikugwera pa mtunda wodziwika. Zolozera ndi tizitsulo tiwiri tokhala pamwamba pa mfuti, kena kutsogolo pafupi ndi kamwa la mpope, komwe kamaima ngati kamzati, ndipo kena kumbuyo pafupi ndi diso, komwe kamakhala ndi kachiboo kapena kampata. Pa mfuti zamakono zina m'malo mwa tizitsuloti mumakhala galasi loonera. Ntchitoyi imachitika ndi zipolopolo zenizeni pa bwalo la chandamale, ndipo imayamba msilikali asanaphunzire kuwombera kwa mtundu wina uliwonse, chifukwa mfuti yosalinganizidwa imanamiza mwini wake monga momwe sikelo yosabwezeredwa pa ziro imanamizira wogula ndi wogulitsa yemwe. Chimene anthu ambiri osakhala m'gulu lankhondo sadziwa n'chakuti kulinganizaku si kwa mfuti yokha ayi, koma ndi kwa mfutiyo pamodzi ndi munthu amene waigwira, mtundu wa zipolopolo zake, ndiponso nyengo ya malo amene akuwomberawo.

Chifukwa chimene mfuti imafunikira kulinganiza

Diso limaona mowongoka, koma chipolopolo sichiyenda mowongoka. Chikangotuluka mu mpope, mphamvu yokokera zinthu pansi imayamba kuchitsitsa, ndipo mpweya umene chikuboola umachichepetsa liwiro, kotero kuti njira yake imapindika mopitirira pamene mtunda ukutalika. Chipolopolo cha 7.62×51, chimene chimalowa mu mfuti za FN FAL ndi G3, chimatuluka pa liwiro la mamita 800 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, ndipo chimatenga pafupifupi magawo anayi mwa magawo khumi a sekondi kuti chifike pa mamita 300. M'kanthawi kameneko chimakhala chitatsika ndi masentimita oyandikira 80 kuchoka pa mzere umene mpope unaloza. Cha 7.62×39 cha mfuti za mtundu wa Kalashnikov, chimene chimatuluka pa mamita 715 pa sekondi, chimatsika kuposa pamenepo. Kuti kutsikaku kusaphonyetse, zolozera zimaikidwa mwa njira yoti mpope uzikhala wopenya m'mwamba pang'ono pamene diso laloza chandamale.

Zotsatira zake n'zakuti chipolopolo chimadutsa mzere wa diso kawiri. Popeza zolozera zili pamwamba pa mpope, chimayamba chili pansi pa mzerewo, chimaudula koyamba chapafupi chikukwera, chimayenda pamwamba pake kwa mtunda ndithu, kenaka chimaudulanso patali chikutsika. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pagona nzeru yolinganizira mfuti pa bwalo lalifupi: gulu lankhondo la ku America, mwachitsanzo, lakhala likulinganiza mfuti za M16 ndi M4 pa mamita 25 kuti zikalase bwino pa mamita 300. Njirayi imapulumutsa nthawi ndi malo, koma ili ndi msampha wake, chifukwa kulakwitsa kwa sentimita imodzi pa mamita 25 kumasanduka masentimita 12 pa mamita 300, ndipo n'chifukwa chake alangizi osamala amafuna kuti kulinganiza kwapafupi kutsimikizidwenso pa mtunda weniweni.

Chifukwa chachiwiri chili mwa munthu. Anthu awiri sagoneka tsaya pa thako la mfuti mofanana, satalikitsa diso ndi cholozera chakumbuyo mofanana, ndipo sakanikiza mfuti paphewa ndi mphamvu yofanana. Kusiyanaku kumaoneka kochepa koma kumasuntha pamene zipolopolo zikugwera, motero mfuti imene yalinganizidwa ndi msilikali wina sikhala yodalirika kwenikweni m'manja mwa mnzake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene msilikali aliyense amapatsidwira mfuti yakeyake, imene nambala yake amailoweza pamtima.

Mbiri ya mfuti ndi kuwombera kummwera kwa nyanja

Dera la Mangochi linadziwa mfuti kale asilikali a boma asanafike. M'zaka za m'ma 1800 mafumu Achiyawo monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankapeza mfuti za gogodela ndi onga kudzera mu malonda a minyanga ndi akapolo ochokera kugombe la nyanja yamchere. Gogodela inkathiridwa onga cha kukamwa, mkati mwa mpope wake munali mosalala, ndipo kuchuluka kwa onga kunkasiyana pa kuwombera kulikonse, kotero kuti panalibe chimene munthu akanalinganiza. Mlenje ankadalira kuyandikira nyama ndi kudziwa khalidwe la mfuti yake. Mfuti za Snider ndi Martini-Henry zimene anabwera nazo asilikali a boma la atsamunda lotsogozedwa ndi Harry Johnston, amene ambiri mwa oyambirira anali Asikhi ochokera ku India, zinali ndi mizere yozungulira mkati mwa mpope, yomwe imazunguza chipolopolo kuti chisagudubuke m'njira, ndiponso zolozera zolembedwa mitunda. Komabe pa nkhondo yolimbana ndi mafumuwa kupambana sikunabwere msanga: Kaputeni Cecil Maguire anaphedwa mu December 1891 polimbana ndi anthu a Makanjira, ndipo Jalasi anathamangitsa gulu la boma mu 1892 asanagonjetsedwe mu 1895.

Fort Johnston, imene inakhazikitsidwa mu 1891 m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndipo lero ndi tawuni ya Mangochi, pamodzi ndi Fort Maguire kugombe la kum'mawa ndi Fort Mangochi ya m'mapiri kumene kunali likulu la Jalasi, zinakhala malo a asilikali kwa zaka zambiri. Mu 1902 magulu a asilikali a m'dziko muno analowa mu King's African Rifles, imene anthu ankaitchula kuti Keyala, ndipo anyamata Achiyawo a m'dera lino analowa usilikali ochuluka. Ndi Keyala kunabwera kaphunzitsidwe ka kuwombera ka asilikali a ku Britain, kamene kanakhwimira pa sukulu ya Hythe yotsegulidwa mu 1853, pamodzi ndi mfuti ya Lee-Enfield ya zipolopolo za .303. Pa mfuti imeneyi kulinganiza kunali ntchito ya mmisiri wa mfuti, amene ankakankhira cholozera chakutsogolo kumanja kapena kumanzere, kapena kuchichotsa n'kuikapo china chachitali kapena chachifupi malinga ndi kumene zipolopolo za msilikali zagwera.

Pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria m'tawuni ya Mangochi pali mzinga wa Hotchkiss umene unali pa sitima ya Gwendolen. Ndi mzinga umenewo Kaputeni Rhoades anawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa 13 August 1914 ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, pa nkhondo imene kawirikawiri imatchulidwa kuti ndiyo yoyamba ya pamadzi imene Britain inapambana mu Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Sitima ya Ajeremaniyo inali pamtunda ikukonzedwa ndipo sinkayenda, koma nkhani za tsikulo zimasimba za zipolopolo zakale zokana kuphulika ndi za kuphonya kangapo chisanapezeke cholasa, chinthu chimene chimaonetsa zimene zida zosayesedwa kwa nthawi yaitali zimachita pa tsiku limene zafunika.

Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, batalioni yoyamba ya Keyala inasanduka batalioni yoyamba ya Malawi Rifles, ndipo mwambo wa kaphunzitsidwe ka ku Britain unapitirira ngakhale mfuti zinasintha. Lero asilikali atsopano a Malawi Defence Force amaphunzira ku Malawi Armed Forces College ku Salima, imene poyamba inkatchedwa Kamuzu Military College, pamene likulu la asilikali a pamadzi lili ku Monkey Bay m'boma la Mangochi.

Kachitidwe kake

Msilikali asanakhudze zolozera amayenera kuonetsa kuti amatha kuunjika zipolopolo pamodzi. Amagona chafufumimba, kawirikawiri atatsamiritsa dzanja logwira kutsogolo kwa mfuti pa thumba la mchenga, n'kuwombera zipolopolo zingapo pa malo amodzi osasintha kagonedwe kapena polozera. Mwambo wa ku Britain umakonda zisanu, buku la mfuti ya AKM limanena zinayi, ndipo Aamerika anagwiritsa ntchito zitatu kwa nthawi yaitali. Ziboo zimene zatsala pa chandamale zimatchedwa gulu, ndipo kukula kwa gululo kumayezedwa pakati pa ziboo ziwiri zotalikirana kwambiri. Gulu laling'ono limene lagwera kutali ndi pakati pa chandamale ndi nkhani yabwino, chifukwa limasonyeza kuti munthuyo akuchita chimodzimodzi nthawi iliyonse ndipo chotsala n'kusuntha zolozera basi. Gulu lomwazika, ngakhale chiboo chimodzi chitalowa pakati penipeni, limasonyeza kuti vuto lili mwa wowomberayo, ndipo kusuntha zolozera pa nthawi imeneyo n'kungotaya zipolopolo.

Apa ndi pamene mlangizi amagwira ntchito yake yaikulu, ndipo ndi bwino kunena kuti mlangizi woleza mtima amathandiza kuposa wokalipa, popeza mantha amalimbitsa minofu ndipo minofu yolimba imanjenjemeretsa mfuti. Kaphunzitsidwe ka ku Britain kamaika mfundo zinayi: kagonedwe ndi kagwiridwe zikhale zolimba mokwanira kuchirikiza mfuti, mfuti iloze chandamale yokha popanda kuikakamiza ndi mphamvu, zolozera ziwiri zigwirizane ndi diso ndi polozera, ndipo kuwombera kuchitike popanda kugwedeza mfuti, msilikali n'kukhalabe chilozere kwa kanthawi chipolopolo chitatuluka. Mlangizi amagona pambali n'kumayang'ana msilikaliyo m'malo moyang'ana chandamale, kuti aone ngati akutsinzina poyembekezera kulira kwa mfuti, ngati akukoka chowombera modzidzimutsa m'malo mochifinya pang'onopang'ono, kapena ngati akuwombera chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ziboo zondandalika kuchoka pamwamba kupita pansi nthawi zambiri zimaloza ku kapumidwe kapena ku kusinthasintha kwa thako la mfuti paphewa, pamene zondandalika chopingasa zimaloza ku chala kapena ku zigongono zosakhazikika. Njira yakale yogwirira wamantha ndiyo kusakaniza chipolopolo chosaphulika m'magazini iye osadziwa, chifukwa akafika pa chimenecho mfuti sililira koma kamwa la mpope limagwa pansi, ndipo iye mwini amaona kuti ndiye akuikankha.

Gulu likakhala laling'ono mokwanira, amafufuza pakati pake. Pa ziboo zisanu amajambula mzere woimirira umene umasiya ziboo zofanana kumanja ndi kumanzere, ndi wina wopingasa umene umasiya zofanana pamwamba ndi pansi, ndipo pamene mizereyo yadutsana ndipo pakati pa gulu. Malo amenewa safanizidwa nthawi zonse ndi pamene msilikali analoza, koma ndi malo ena oikidwiratu amene zipolopolo ziyenera kugwera pa mtunda umenewo. Chitsanzo chomveka bwino chili m'malangizo a AKM: chandamale chimaikidwa pa mamita 100, cholozera chakumbuyo chimaikidwa pa nambala 3 imene ikuimira mamita 300, ziboo zinayi ziyenera kulowa m'bwalo la masentimita 15 m'mimba mwake, ndipo pakati pa gulu payenera kukhala masentimita 25 pamwamba pa polozera, osaphonya ndi masentimita oposa 5. Wosadziwa angaganize kuti mfuti yotere ikuwombera m'mwamba, pamene ili bwino ndithu, chifukwa pa mamita 100 chipolopolo chimakhala chikadali pamwamba pa mzere wa diso.

Lamulo losunthira ndi losavuta kunena koma limasokoneza ophunzira ambiri: cholozera chakumbuyo chimasunthidwira kumene munthu akufuna kuti zipolopolo zipite, pamene chakutsogolo chimasunthidwira kumene zipolopolo zaphonyera. Ngati gulu lagwera pansi, kamzati kakutsogolo kamatsitsidwa, ndipo ngati lagwera kumanja, kamakankhidwira kumanja. Pa AKM kuzunguza kamzatiko kamodzi kathunthu kumakweza kapena kutsitsa gulu ndi masentimita 20 pa mamita 100, ndipo kukakankhira pambali ndi milimita imodzi yokha kumasuntha gulu ndi masentimita 26, chifukwa zolozera zake zatalikirana mamilimita 378 okha. Pa G3 kusintha kumachitikira pa cholozera chakumbuyo, chozungulira ngati kang'oma, chimene chili ndi kampata ka pafupi ndi tiziboo ta mamita 200, 300 ndi 400. Magalasi oonera amakhala ndi timabatani tozunguza timene kulira kwake kulikonse kumaimira ngodya yaing'ono, yowerengedwa mu MOA, imene ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri ndipo imakwana masentimita 2.9 pa mamita 100, kapena mu mil, imene imakwana masentimita 10 pa mtunda womwewo. Akasuntha, msilikali amawomberanso gulu lina lotsimikizira, ndipo zotsatira zimalembedwa pamodzi ndi nambala ya mfuti.

Nyengo ya kunyanja

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchoka pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe, kumene kuli Kamuzu Barracks, ili pa mamita oposa 1,000, ndipo Mzuzu, kumene kuli Moyale Barracks, ndi yokwera kuposa pamenepo. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka ndipo sukaniza chipolopolo kwambiri, koma pa mitunda ya mamita 300 kutsika pansi kusiyanaku n'kochepa, ndipo msilikali wamba sayenera kuda nako nkhawa monga momwe angachitire katswiri wowombera patali. Chimene chimavuta kwenikweni ku Mangochi ndi kutentha, mphepo ndi kuwala.

Mu October ndi November kutentha kwa masana m'mbali mwa nyanja kumatha kupitirira madigiri 35, ndipo onga wa zipolopolo zimene zasiyidwa padzuwa umayaka msanga n'kutulutsa chipolopolo pa liwiro lokwera, kotero kuti gulu limagwera m'mwamba kusiyana ndi la zipolopolo zosungidwa pamthunzi. Mpweya wotentha wokwera kuchoka pa mchenga umavinitsa chithunzi cha chandamale ndi kuchionetsa pamene sichili, ndipo dzuwa likawala mbali imodzi ya kamzati kakutsogolo diso limakokedwa ndi mbali yowalayo n'kulakwitsa pakati pake, vuto limene asilikali akale ankathana nalo podetsa kamzatiko ndi mwaye. Thukuta lolowa m'maso ndi kutopa zimakulitsa gulu. Pa zifukwa zimenezi nthawi yoyenera kulinganiza mfuti kunyanja ndi m'mamawa, dzuwa lisanakwere ndiponso mphepo isanadzuke.

Mphepo ya mwera, imene imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa m'miyezi yozizira kuyambira May mpaka August ndipo asodzi amaiopa chifukwa cha mafunde ake, ndi mdani wa kulinganiza. Mphepo yopingasa ya makilomita 16 pa ola imakankha chipolopolo cha 7.62×51 ndi masentimita opitirira pang'ono 20 pa mamita 300, ndipo mwera umatha kuomba mwamphamvu kuposa pamenepo. Msilikali amene walinganiza mfuti yake mwera ukuomba amakhala wasunga mphepo ya tsiku limenelo m'zolozera zake, ndipo pa tsiku la bata adzaphonyera mbali inayo. Njira yolondola ndiyo kulinganiza kuli bata, kenaka n'kuphunzira padera kuloza chambali pang'ono mphepo ikabwera, osakhudzanso zolozera.

Asilikali a pamadzi ali ndi vuto lina lowonjezera, loti boti silikhazikika. Palibe amene angalinganize mfuti pa boti logwedezeka ndi mafunde, motero ntchitoyi imachitikira pamtunda, ndipo pamadzi munthu amangophunzira kusankha kanthawi kowombera. Pamwamba pa madzi palibe mitengo kapena nyumba zothandiza diso kuyeza mtunda, ndipo chinthu chimaoneka pafupi kusiyana ndi pamene chili.

Chitetezo cha anthu ozungulira

Chipolopolo chophonya sichithera m'malere. Cha 7.62×51 chimatha kuuluka makilomita oyandikira anayi, ndipo chikagunda madzi chopendekera kwambiri sichimira koma chimanjanja n'kupitirira, nthawi zina chitakhota. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, kumene mabwato a usipa ndi chambo amayenda usana ndi usiku, ana amaweta ziweto m'tchire, ndipo amayi amatola nkhuni m'mapiri. Bwalo la chandamale loyenera limakhala ndi mtumbira wa dothi kapena phiri kumbuyo kwa zandamale, dera langozi lodziwika malire ake, mbendera zofiira ndi alonda pa njira zolowera, ndipo mafumu ndi makomiti a asodzi a m'madoko amayenera kudziwitsidwa tsiku lisanafike. Pa bwalopo pamakhala mkulu mmodzi yekha wolamula, palibe amene amaika magazini kapena kuwombera asanauzidwe, aliyense amene waona choopsa ali ndi ufulu woimitsa kuwombera, ndipo anthu sapita kukaona zandamale mfuti zonse zisanayang'anidwe kuti mulibe kanthu. Makutu amatsekedwa, chifukwa kulira kwa mfuti kumaononga kumva pang'onopang'ono ndipo kumvako sikubwerera.

Kulinganiza mfuti kumakhudzanso chilungamo cha msilikali kwa anthu amene akuwateteza. Mu 2013 asilikali a Malawi anayamba kutumikira kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo mu Force Intervention Brigade ya bungwe la United Nations pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, m'madera amene zigawenga zimabisala pakati pa midzi, ndipo m'malo otere mfuti yophonya ndi theka la mita ingathe kulasa munthu wosalakwa. Alonda a zinyama ku Liwonde National Park, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015 lisanawonjezere Mangochi Forest Reserve mu 2018, ndipo kumene asilikali a ku Britain anayamba kuthandiza pa maphunziro mu 2017, amakumana ndi funso lomwelo akamalimbana ndi nyama yovuta pafupi ndi minda ya anthu, pamene chipolopolo cholasa molakwika chimasiya njovu kapena mvuu yovulala ndi yolusa kuposa poyamba.

Nthawi yobwerezanso

Kulinganiza sikukhalitsa mpaka kalekale. Kumayenera kuyesedwanso mfuti ikapatsidwa kwa munthu wina, ikagwa kapena kugundidwa mwamphamvu, ikachokera kwa mmisiri, galasi loonera likachotsedwa n'kubwezeredwa, mtundu wa zipolopolo ukasintha, ndiponso msilikali akayamba kuvala chovala choteteza pachifuwa kapena chisoti chimene chimasintha mmene thako la mfuti limakhalira paphewa. Ulendo wautali pa galimoto m'misewu ya mabampu, monga yopita kwa Makanjira nthawi ya mvula, kapena kugundagunda kwa boti pa mafunde a mwera, ungathe kumasula zomangira za galasi popanda mwini wake kuzindikira. Pali zipangizo zoyang'anira mkati mwa mpope, zina zagalasi ndipo zina za kuwala kwa laser, zimene zimathandiza kuona ngati zolozera zasuntha popanda kuwombera, ndipo zimapulumutsa zipolopolo kumene ndalama zogulira ndi zochepa; koma zipangizozi zimayeza mfuti yokha, osati kagwiridwe ka msilikali, ndiye chifukwa chake gulu lililonse la asilikali lopita ku ntchito ya kunja limayenera kupatula tsiku lowombera zipolopolo zenizeni likangofika kumene likukatumikirako.